Manja a Achimwene Anga

Achimwene anga samva. Anagontha ali aang'ono atadwala malungo aakulu, ine ndisanabadwe, ndipo timawu tochepa timene anali atayamba kutulutsa tinathera pomwepo. Tinakulira m'nyumba za kampani pa esiteti ya tiyi pomwe mayi athu ankathyola masamba. Kusukulu ya ana osamva sanapiteko, choncho chilankhulo chawo tinachipanga tokha pakhomo. Kugwira chibwano ndiye kuti bambo, kugwira pachifuwa ndiye kuti mayi, kuloza kuphiri n'kugwedeza zala ndiye kuti mvula ya chiperoni ikubwera. Ine dzina langa linali kukoka khutu, poti pa ana onse ndine ndinali wosamva zonena akuluakulu.

Atakula anaphunzira ukalipentala kwa bambo wina wa kutchalitchi kwathu. Mayi atapuma ntchito anabwerera kumudzi ndi achimwene, ndipo ine banja langa litatha ndinakawapeza komweko. Achimwene anamanga kashedi kawo pansi pa mtengo wa mapeyala. Ankakhoma zitseko, mipando ndi mabedi. Munthu akabwera kudzapereka ntchito ndinkaima pakati, iye n'kumalankhula ndi pakamwa, achimwene n'kumayankha ndi manja, ine n'kumalumikiza.

Tsiku lina anamangirira chitseko chatsopano panjinga, kupita nacho kwa mphunzitsi wina wa ku Chonde. Anandiuza kuti abwerako dzuwa likamapendeka. Dzuwa linapendeka, linalowa, munthu osaoneka. Mayi anayamba kulankhula Chilomwe, ndipo mayi athu akatero ndiye kuti mtima wawo wachoka m'malo.

Kutacha ndinakwera kabaza mpaka kwa mphunzitsi uja. Anandiuza kuti anadikira tsiku lonse koma sanaone munthu kapena chitseko. Pobwerera ndinayenda wapansi, kufunsa pa golosale iliyonse, pa chigayo, kwa okonza njinga. Pa kamsika kena ka m'mbali mwa msewu, mayi wogulitsa nthochi anandikodola. Ankawadziwa achimwene chifukwa anamukonzerapo benchi. Anandikokera kuseri kwa benchi lomwelo n'kundiuza motsitsa mawu kuti dzulo lake apolisi awiri anali pamenepo, akufunafuna zitseko zimene zinabedwa pa nyumba ina yomwe inkamangidwa. Ataona achimwene akudutsa ndi chitseko anawakuwira cha kumbuyo kuti aime. Achimwene anapitiriza kupalasa. Apolisi aja anawathamangitsa pa njinga yamoto, n'kuwagwetsera m'ngalande. Achimwene atadzuka anayamba kufotokoza ndi manja, mwachangu ngati mmene amachitira akachita mantha, ndipo wapolisi mmodzi anaganiza kuti akufuna ndewu. Anayamba kuwamenya ndi ndodo m'manja momwemo.

"Ndinakuwa, mayi," anatero. "Ndinati ameneyo samva, musiyeni. Anandiuza kuti ndikapitiriza anditengera limodzi."

Polisi yake ndi kanyumba kakang'ono chakumtunda kwa msikawo. Nditangolowa ndinachiona chitseko, atachitsamiritsa kukhoma kuseri kwa kauntala, mbali imodzi chili ndi matope. Ndinachidziwa poti ndine ndinagwirizira matabwa ake pomata. Wapolisi amene ndinamupeza anali wachinyamata, wa nkhope yosalala. Ndinagwada pang'ono, ndinapereka moni, ndinafotokoza. Anati chitsekocho mwini wake anachitaya n'kuthawa. Nditaumirira anandifunsa dzina la achimwene, n'kupita pakhomo lolowera ku chitolokosi, n'kuliitana kawiri mokweza. Kunali zii.

Anabwerera n'kunditambasulira manja, kuti mwaona nokha, kulibe.

Ndinamuuza kuti munthuyo samva, sangayankhe ngakhale mutaitana mpaka mawa. Ndinapempha kuti andilole ndingosuzumira. Anati muno si m'chipatala moonera odwala, ndipo ngati m'bale wanga wasowa ndikayang'ane kwina.

Ndinamukhulupirira theka. Ndinaganiza kuti mwina anathawadi ali wovulala n'kukagwera m'minda ya tiyi. Ndinayenda m'mizere ya tiyi ya m'mbali mwa msewuwo, ndikupatula masamba ndi manja, ndipo ndinadzipeza ndikuitana dzina lawo, ine amene ndimadziwa bwino kuti kuitana n'kopanda ntchito. Mawa lake ndinakwera minibasi kupita ku Boma. Ku chipatala anandilola kuyenda m'wodi ya abambo, bedi ndi bedi. Kenako namwino wina anandigwira paphewa n'kundiperekeza ku nyumba ya chisoni. Kunali mtembo wa mwamuna wosadziwika. Bambo wa kumeneko atavundukula nsalu sindinayambe ndi nkhope, ndinayang'ana manja. Sanali awo. Ndinatuluka panja n'kukhala pansi pa dothi, osadziwa ngati ndithokoze kapena ndilire, chifukwa munthu ameneyonso anali ndi abale ake kwinakwake.

Kunyumba mayi anali atasiya kudya. Ankangokhala pa shedi, atanyamula pamiyendo landa imene achimwene ankapalira matabwa.

Ndinabwereranso kupolisi kuja. Ulendo uno sindinalowe kutsogolo. Ndinazungulira kuseri, kumene kuli udzu wautali ndi fungo la mkodzo, ndipo ndinaona kabowo kolowera mpweya pamwamba pa khoma, kotchinga ndi zitsulo. Ndinali nditavala duku ya mayi, yofiira, imene achimwene anawagulira okha. Ndinaivula, ndinaimangirira ku nsungwi imene ndinazula pa mpanda wa dimba la munthu, n'kuilowetsa pa kabowoko. Ndinaigwedeza. Manja anayamba kulema, ndinagwedezabe.

Ndiye ndinamva mawu awo. Achimwene satulutsa mawu kawirikawiri, chifukwa ali mwana anzawo ankawaseka. Ndi kulira kokhuthala, kochokera pansi pa mimba, kopanda chilembo chilichonse. Ndinakumvapo pa maliro a bambo athu basi. Ulendo uno kulirako kunadutsa khoma, ndipo amuna ena a m'katimo anayamba kukuwa kuti alimo, alimo muno, manja ake awola.

Ndinathamangira kutsogolo ndikukuwa, mutu uli pamtunda. Anthu a pamsika anasiya malonda awo. Pamene mkulu wa apolisi a pamenepo ankatuluka mu ofesi yake, pabwalo panali patadzaza. Anali bambo wonenepa, wolankhula mofatsa. Anati panali kusamvetsetsana, munthuyo sanalembedwe chifukwa ankakana kutchula dzina lake. Anatinso mwini zitseko zobedwa anabwera kale n'kunena kuti zake zinali zachitsulo, choncho mlandu palibe, nditha kumutenga m'bale wanga.

Achimwene anatuluka atagwirizira manja pachifuwa ngati wanyamula khanda. Manjawo anali atatupa mpaka m'zigongono, zala zili ngati chinangwa, ndipo pamene panadutsa unyolo panali mabala otuluka mafinya. Anandiyang'ana, n'kuyesa kukweza dzanja kuti andiuze kanthu. Zala zinakana. Anayesanso. Kenako anangotsamiritsa mutu wawo paphewa panga. Kuyambira ndili mwana sindinawasowepo chonena achimwene anga, koma tsiku limenelo tinaima pamaso pa anthu onse aja ngati alendo awiri osadziwana chilankhulo.

Ku chipatala cha mishoni anatilandira bwino, anatsuka mabala, anajambula mafupa. Dzanja lamanja linali litathyoka pawiri, ndipo mitsempha ya m'mikono inali itafinyika. Dokotala anandiuza kuti ngati tikufuna kuti nkhaniyi ipite patsogolo, pafunika kalata ya kupolisi yonena kuti munthuyu anamenyedwa. Ndinamufunsa kuti kupolisi kwake kuti. Anati ndi komwe kuja ndinawatenga.

Ndinapitabe. Mkulu uja anandilandira ndi mpando, anati nkhaniyo aifufuza. Pofuna kumva mbali ya achimwene, anati ine sindingawamasulire chifukwa ndine m'bale wawo, ndikhoza kuwonjezera zanga. Patapita nthawi anapeza mayi wina wodziwa chilankhulo cha manja cha kusukulu. Anali munthu wabwino, anayesetsa, koma iye ndi achimwene sanamvane ngakhale pang'ono, poti chathu n'cha pakhomo pathu pokha. Mkulu uja anawafunsa mongolozaloza ngati angamuloze amene anawamenya. Achimwene analoza ndi chibwano mpando wopanda munthu pafupi ndi zenera. Wokhala pa mpandowo, anatiuza, anali atasamutsidwira ku boma lina. Mayi wa nthochi uja, nditamupempha kuti akachitire umboni, analira n'kundiuza kuti benchi lake lili pamaso pa apolisi tsiku ndi tsiku, ndipo ana ake amadya za pa benchipo. Sindinamukwiyire.

Nkhani inafika poitanitsa msonkhano pa bwalo la sukulu, wa apolisi ndi anthu a midzi yozungulira. Kunabwera anthu ambiri kuposa amene amabwera polandira feteleza. Anyamata a kabaza ankati kanyumba ka apolisi kaja kangotenthedwa basi, poti aliyense wa iwo ali ndi chipsera chake. Bambo wina wachikulire, amene anagwirapo ntchito ya ulonda pa esiteti, anaimirira n'kuwakumbutsa za nthawi imene pamsikapo panalibe polisi, mmene akuba a zikwanje ankalowera m'nyumba anthu akuona, n'kuwolokera kutsidya kwa malire. Anati mukatentha, mudzathawira kwa yani? Mnyamata wina anamuyankha kuti wakuba akakumenya umakanena kupolisi, nanga akakumenya wapolisi ukanena kwa wakuba? Anthu anaseka, koma kuseka kwake kunali kowawa. Wapolisi wamkazi amene anabwera nawo ananena kuti iwo alipo ochepa, galimoto alibe, ndipo anthu omwewa akaberedwa amabwera kudzawakakamiza kuti wogwidwayo mumenyeni aulule. Zimenezo zinali zoona. Inenso ndinakumbukira kuti nkhuku zathu zitabedwa chaka china, ndinanenapo mawu ngati omwewo.

Ine anandipatsa mpata kumapeto. Ndinali nditakonza zambiri zoti ndinene, koma nditaimirira zonse zinabalalika. Ndinangowaimiritsa achimwene n'kukweza manja awo kuti anthu aone.

"Apa ndiye pakamwa pawo," ndinatero. "Apa ndiye pa munda pawo. Ndiuzeni kumene ndingakadandaule, ndipita ngakhale wapansi."

Mkulu uja anati wamva, ndipo apolisi ndi anthu ayenera kugwirana manja. Anatseka ndi pemphero. Achimwene anandigunda ndi chigongono kufunsa kuti agwirizana zotani. Ndinasowa chizindikiro chake. Ndinangopukusa mutu.

Mafupa analumikizana, koma zala ziwiri za kumanja zinafa, zinapindikira m'kati. Tchizulo sangagwire, sowo amagwira pang'ono n'kusiya. Panopa amangopala ndi kukwecha matabwa a anzawo. Kulankhula kwawo kunasinthanso, mawu ena amatuluka opunduka, moti ngakhale ine ndimawafunsa kawiri, ndipo ndikawafunsa kawiri amakwiya n'kutembenukira kukhoma. Njinga anasiya kukwera. Akaona yunifolomu patali, ngakhale ya mlonda wa pa sitolo, amaima chilili pomwepo n'kubisa manja m'khwapa. Ndinayendera nkhaniyi maulendo ambiri, mpaka makondakitala a minibasi anayamba kundidziwa. Kulikonse ankandiuza kuti ndibwerenso. Mayi anamwalira ndisanawabweretsere yankho.

Chaka chathachi, m'mawa wina ndikuchokera kotunga madzi, ndinamva phokoso kumsewu. Anthu anali atagwira mwamuna wina ndi mbuzi yakuba. Anali atamuvula malaya, magazi ali chuchuchu m'mutu, ndipo wina anali atabwera kale ndi tayala. Ena mwa iwo anali anthu amene anandithandiza kuyenda ndi nkhani ya achimwene. Mmodzi anandiona n'kunena kuti achemwali awa ndiye mboni, kupolisi kulibe chilungamo, tithane naye tokha. Wakubayo anandiyang'ana. Milomo yake inkagwedera koma mawu sankatuluka.

Ndinatula ndowa pansi. Ndinakwera kabaza woyamba amene ndinamupeza, n'kumuuza kuti athamange. Njira yonse ndinkalira ndi ukali, chifukwa ndinkadziwa kumene ndikupita ndipo kwina kopita kunalibe. Ndinalowa pa khomo lomwe lija. Pa kauntala panali wapolisi wamkazi uja. Anandizindikira, ndinaona m'maso mwake. Ndinamuuza kuti fulumirani, akupha munthu. Sanandifunse zambiri. Anaitana mnzake, anakwera njinga yamoto, ndipo anakafika tayala lili kale m'khosi koma moto usanayatsidwe.

Anamutenga wamoyo. Chimene anakakumana nacho m'kati muja sindikuchidziwa, ndipo ndimaopa kufunsa. Anthu ena a m'mudzi mwathu sandipatsa moni mpaka lero, amati ndinagulitsa m'bale wanga. Achimwene sindinawauze. Madzulo ake anandifunsa chifukwa chake ndinabwera wopanda madzi, ndipo ndinawayankha kuti pa mjigo panali anthu ambiri.