Khoma Lopanda Khonde

Pamene njira ya kumudzi kwathu imatulukira mumsewu wochoka ku Ulongwe kupita ku Domwe pali makantina akale, ondandalikana mbali zonse ziwiri za msewu. Amayi amati nkhondo isanabwere ankagulako nsalu, mchere ndi mafuta a nyale. Ine ndinawapeza alibe madenga. M'kati munkagona mbuzi, ndipo m'kantina ina munamera mkuyu mpaka nthambi zake kutulukira pazenera. Mashapa, maminibasi athu aja, ankangodutsa osaima, kutisiyira fumbi. Tili atsikana tinkathamanga tikafika pamenepo, ngakhale masana, osadziwa chomwe tikuthawa.

Amuna anga amakhoma ndowa, mbaula ndi zothirira mbewu kudimba. Anabwera kudzakhala kwathu monga mkamwini, m'nyumba yamadothi yomwe anamanga kuseri kwa nyumba ya amayi. Ntchito ya manja awo ndi yabwino, koma m'mudzi munthu akagula ndowa imodzi amatunga nayo mpaka ana kukula. Mwana wathu atayamba kukwawa, akulu a amuna angawo anatumiza mawu kuchokera ku Tete kuti kumeneko ntchito ya malata ilipo yambiri, abwere ndi banja lonse.

Ine sindinkafuna kupita. Sukulu ndinalekeza msanga, Chipwitikizi ndimangochimva apo ndi apo, ndipo ndinali nditamva kuti ku Tete kumatentha mpaka makanda kutupa thupi ndi zipere. Kuno ndili ndi amayi, ndili ndi munda wa nyemba, mphepo ya ku phiri ndinaizolowera. Koma ndine munthu wamanyazi. Iwo akayamba nkhaniyo ndinkangoyang'ana pansi n'kumakonzakonza mbereko.

Chaka chimenecho kunabwera mayi wina wovala buluku. Anabadwira kuno, anakulira ku Malawi nthawi yothawa nkhondo, kenako anakakhala zaka zambiri m'tauni ina ya m'mphepete mwa nyanja yamchere. Bambo awo kale ankasoka zovala pakhonde la imodzi mwa makantina aja. Anayenda m'maofesi ku Ulongwe mpaka anawalola kuikonza. Tonse tinkangowatchula kuti amana, ndiko kunena kuti achemwali. Tsiku lomwe anayamba kutulutsa ndowe za mbuzi ndi fosholo, amuna ogulitsa kachewere pamsewu anaseka mpaka kugwira m'mimba.

“Amana, mbuzizo mwazipatsa tsiku losamuka?”

“Ndazipatsa. Inu ndi amene sindinakuuzeni lanu,” anayankha osaweramuka.

Ataika denga ndi chitseko, anayamba kupaka khoma lakutsogolo. Ine ndinkachokera kuchigayo, ufa uli pamutu, mwana ali kumsana. Ndinaima. Khoma lonse linali madzi. Sanali madzi amene ndimawadziwa, a m'dambo kapena a mumtsinje. Pansi anali obiriwira, pakati ngati thambo la mwezi wa Juni, kumtunda akuderadera mpaka kukakumana ndi mitambo, ndipo tsidya lina kunalibe. Ndinafunafuna phiri kapena mtengo wa kutsidya, osaupeza. Panali kabwato kamodzi ka nsalu yoyera, kakang'ono ngati chikhadabo. Ndinaiwala kuti ndasenza. Khosi litayamba kuwawa m'pamene ndinazindikira kuti ndaima nthawi yaitali.

“Tulani ufawo, mayi, nyanja siithawa,” anatero amana ali pamakwerero.

Ndinatula. Ndinafunsa motsitsa mawu ngati madziwo alikodi kapena angowaganiza.

Anatsika n'kukhala pa chidebe cha tinta, ndiwo utoto wa m'sitolo uja. Anandiuza kuti tauni yomwe ankakhala inali yakufa ngati pano. Nyumba zakale zinadyeka ndi mphepo yamchere, achinyamata onse anathawa. Ndiye kunabwera anthu ojambula, osema ndi osoka, aliyense n'kutenga kachipinda kake. Wina anatsegula pomwera tiyi, wina pogulitsa mikanda. Alendo anayamba kutsika m'magalimoto kudzaona makoma, akatero n'kugula kanthu.

“Kuno kulibe nyanja,” ndinatero.

“N'chifukwa chake ndabwera nayo,” anaseka.

Sindinakhulupirire, koma zinayamba kuchitika ndikuona ndi maso. Woyamba anali mkulu wina wosoka zovala amene anatopa ndi kusokera pansi pa mtengo. Kenako mayi wina wamasiye anamanga uvuni kuseri kwa kantina ya mkuyu ija, n'kumaphika mapau, ndiwo buledi wa Chipwitikizi uja, ndipo fungo lake linkafika mpaka kuchigayo. Mkuyuwo sanaudule, anangoika mabenchi pansi pake. Kunabwera oluka malichero ochokera ku Lifidzi, ndi bambo wina wopanga magitala a zigubu za mafuta, amene ankayesa gitala iliyonse pakhomo asanaigulitse. Malo amene tinkathamangapo ndi mantha anayamba kumveka makina osokera, nyundo ndi nyimbo. Ndinkachita kuzungulira dala popita kumunda kuti ndidutsepo.

Amuna anga anatenga kachipinda kakumapeto, koma anandiuziratu.

“Amake mwana, ndikungoyesa. Tikakolola chimanga zinthu zili chimodzimodzi, tikukwera shapa. Musadzati sindinanene.”

Tsiku lina amana anabwera kwathu kudzatenga mbaula yomwe anaitanitsa. Sanalowe n'komwe. Anaima pabwalo n'kumayang'ana nyumba yathu. Kwathu kuno mvula ikatha akazi timazira nyumba ndi mtsiro, ndipo makoma timawapaka dothi lamitundu. Katondo amapereka kufiira, makande a kudambo kuda, ndipo loyera timakakumba m'gombe la mtsinje. Ena amangopaka mzere umodzi m'munsi. Ine ndimakonda kuchulutsa: masamba a maungu, nkhanga, mizere yokhotakhota ngati ya pa lichero. Pakamwa pandivuta kuyambira ubwana, koma dzanja likagwira dothi silichita manyazi.

“Wachita izi ndani?”

Ndinaloza pachifuwa panga ndi chala, maso ali pansi.

Anandipempha kuti ndikapake khoma lalikulu lam'mbali mwa kantina yawo, loyang'ana kumene mashapa a ku Ulongwe amatulukira. Anati tinta wawo watha pa nyanja ija, komanso akufuna kuti khoma limenelo likhale la kuno. Ndinakana kawiri. Amayi ndi amene anandikankha, amvekere, “Pita iwe, ukuopa khoma? Likuluma?”

Ndinatuta dothi ndi ndowa za amuna anga. Ndinayamba m'mawa anthu asanachuluke, koma khomalo linali lalitali kuposa nyumba iliyonse yomwe ndinapakapo, ndipo ntchito inatenga masiku. Ndinakwera makwerero koyamba m'moyo wanga, chitenje nditachimanga ngati thewera. Mayi wa mapau ankandigwirira mwana. Ndinajambula mapiri athu, mizere ya kachewere ikutsika m'mbali mwake, nkhanga zikuyenda mondondozana, ndi akazi osenza mitolo ya nyemba. Nditatsika n'kukaima kutsidya kwa msewu, ndinaliyang'ana khoma lonse. Sindinkadziwa kuti dothi lomwe timaponda lingaoneke choncho likakwera pamwamba. Dzuwa lamadzulo likamenya katondo uja, khoma linkaoneka ngati likupuma.

Mashapa anayamba kuima. Anthu ankatsika kudzajambulitsa ndi mafoni, wina kumbuyo kuli nyanja, wina kumbuyo kuli nkhanga zanga. Akatero ankagula pau, lichero, nthawi zina mbaula. Woyendetsa shapa wina ankakuwa akamayandikira, “Otsika panyanja! Otsika pankhanga!” Ine ndikamva ndinkabisala kuseri kwa chitseko cha amuna anga, ndikumwetulira ndekha. Nkhani ya ku Tete inayamba kuzilala.

Chimene sindinachiganize ndi ichi. Nyumba zathu zam'mudzi zili ndi udzu wotsika mpaka kuphimba khonde, ndiye mvula siifika pakhoma kwenikweni. Dothi limafwifwa pang'onopang'ono, chaka chikatha timapakanso. Khoma la kantina linali lasimenti, loima njo, malata ake othera pamwamba penipeni. Ine ndinapaka monga ndimapakira kwathu. Amana nawo ankaganiza kuti dothi limagwira ngati tinta. Palibe anafunsa mnzake.

Mvula yoyamba inagwa masana, yamphepo, yochokera mbali ya ku Malawi. Itakata ndinathamangira kumsewu. Nyanja inali pomwepo, yowala kuposa kale. Khoma langa linali likulira misozi yofiira ndi yakuda. Mapiri anasungunuka, akazi aja anatsala miyendo yokha, ndipo dothi langa linkayenda m'ngalande kupita kudambo komwe ndinalitenga. Wogulitsa kachewere wina anati, “Nkhanga zauluka, mayi!” Anzake anaseka. Sanali kunena mwankhanza, koma ine ndinabwerera osayang'ana munthu.

Ndinasiya kudutsa pamsewu. Kuchigayo ndinkapita njira yakumunda. Nyengo ya mvula alendo amachepa kale, ndipo amuna anga ankabwera madzulo ndowa zonse zili momwe anazipachikira.

“Mwaona? Zinthu za pano n'zosungunuka,” anatero tsiku lina akusamba m'manja. “Akulu anga akundisungirabe malo.”

Ndinapita kuseri kwa nkhokwe.

Amana anandipeza ndikupalira nyemba. Nsapato zawo zinali zitalemera ndi matope. Ndinafuna kugwada kuti ndipepese, koma anandigwira mkono.

“Iwe, ukundithawa ngati ndine wa msonkho? Ndiuze, kwanu kuno khoma likafufutika mumatani?”

“Timadikira mvula ithe, n'kupakanso.”

“Chaka chilichonse?”

“Eee. Koma sitibwereza zomwezo. Zimatengera zomwe zabwera m'mutu.”

Anaseka mpaka kukhala pansi pamzere wa nyemba. “Ndiye ine ndi nyanja yanga yomweyomweyo mpaka ndidzafe, inu chaka chilichonse khoma latsopano? Aa, mwandidyera masuku pamutu anthu inu.” Anandifunsanso chifukwa chake kunyumba kwathu nkhanga zinalipobe. Ndinawalozera udzu wa khonde la nyumba yathu, yomwe inkaonekera patali. Anauyang'ana nthawi yaitali, n'kunena kuti, “Amuna ako ali kuti?”

M'mawa mwake amuna anga anakwera pa kantina ya amana ndi chingwe choyezera. Anawonjezera malata kuti atuluke kunja ngati khonde lam'mudzi, n'kukhoma ngalande yolandira madzi, yotsikira mumgolo. Mayi wa mapau ataona kuti amana akutunga madzi pakhomo pomwe, anafuna yake. Wosoka zovala anati makasitomala ake amanyowa podikira, nayenso akufuna khonde. Kenako anthu a ku Domwe odutsa pa shapa anayamba kufunsa kuti wakhoma ngalandezi ndani. Mvula yonse ija nyundo sinapume. Amuna anga ankabwera kunyumba manja ali mabala okhaokha, n'kugona osatchula za ulendo, koma osanenanso kuti auleka. Chimanga chinayamba kuuma m'munda, ine mtima uli m'mwamba.

Mvula itatha amana analengeza kutchalitchi ndi kumsika kuti makoma onse am'mbali ndi a akazi. Ndinkaganiza kuti kubwera anthu owerengeka. Tsikulo ndinafika pamsewu n'kupeza ndowa zili ndandanda, za katondo, za makande, za dothi loyera, ndi lina lachikasu lomwe akazi a ku Lifidzi anabwera nalo, lomwe ine ndinali ndisanalionepo. Panali agogo oyenda ndi ndodo, panali atsikana a sukulu. Aliyense anatenga chigawo chake. Ankaimba, kunyozana, kuberana dothi. Mayi wina anajambula mwamuna wake atagona pansi pa ngolo, ndipo mwini wakeyo atabwera kudzaona anakana kuti si iye, pamene chipewa chinali chake. Wa magitala ankaimba pakati pa msewu mpaka mashapa kuchita kumuimbira hutala.

Ndili pamakwerero ndinatembenuka kuyang'ana msewu wonse. Mbali zonse ziwiri makoma anali akusintha mtundu nthawi imodzi, manja ambirimbiri akukwera ndi kutsika. Sindinaonepo chinthu chotero, ndipo sindidziwa mawu ake. Mayi wina amene sindimudziwa anakuwa ali pansi, “Inu apamwamba, loyerali mumasakaniza ndi chiyani kuti lisasweke?” Ndinamuyankha mokweza, anthu onse akumva, kuti aikemo phulusa pang'ono. Mawuwo atatuluka ndinadabwa kuti ndi anga.

Tinakolola. Ndinkadikira tsiku lomwe adzanene kuti ndimange katundu. M'malo mwake, m'mawa wina ndinawaona akutuluka ndi khasu ndi chikombole, akulowera ku chulu cha kumunsi kwa munda wa amayi. Ndinawatsatira ndi mwana. Ndinawapeza atavula malaya, akuponda dothi.

“Abambo ake, njerwazi n'za ndani?”

“Za nyumba yathu. Amalume anu andilozera malo dzulo.” Anapitiriza kuponda osandiyang'ana. “Nanga muima pomwepo? Madzi akuchepa kuno.”

Ndinatsitsa mwana pamthunzi, ndinatenga ndowa n'kutsikira kudambo.