Ndakulungira zitumbuwa pepala la Tadala

Mwaswera bwanji nonse, Mulungu ndi wabwino.

Abale, lero ndalakwa koma ndikuseka. Tadala wanga wabwera kuchokera ku koleji ndi kope lodzaza zithunzi za anthu a mitu ikuluikulu. Ine ndimayesa ndi zosewera za adzukulu, ndiye ndathothola tsamba limodzi n'kukulungira zitumbuwa a Namakhwa, akulu a mpingo athu kuno ku Mbulumbuzi.

Mwana pobwera kuchokera kumjigo wangogwira kumutu. Akuti ndi ntchito ya kalasi yolemba, aphunzitsi ake akufuna nkhani ya makatuni Lolemba, ndipo popanda tsamba limenelo alephera.

Tsono patsambapo anajambula a Namakhwa omwewo akuwodzera m'tchalitchi, kukamwa yasa, pamwamba pa mutu pali kamtambo, m'kamtambomo muli nkhuku yootcha! Ambuye andikhululukire, afanana ndithu. Luso mwapatsa mwanayu, Atate, zikomo, koma eee.

Posachedwapa a Namakhwa atumiza wakabaza ndi uthenga. Akuti zitumbuwa zinali bwino, pepala alisunga m'Baibulo, ndipo wojambulayo akatenge yekha. Zogonazo sakukana ayi, koma akuti mphuno yawo si yotero.

Inu amalume ake, mukuti bwanji? Ndimuperekeze, kapena apite yekha ndi pensulo akakonze mphunoyo?