Nkhuni za alamu zinatsala pang'ono kundiphera mwana

Anthu ena ndikawafotokozera nkhani imeneyi amati ndikuthira mchere, ati utsi wa nkhuni ungatseke bwanji mwana kukhosi pamene tonsefe tinakulira mu utsi, koma ine ndilibe chifukwa chonamira, zinandichitikira ndili maso, dzuwa likuswa mtengo. Sinditchula dzina la munthu, ngakhale kuti mwiniwakeyo akawerenga adzazindikira yekha, ndipo azindikire kumene.

Chinali chaka chathu chachiwiri kuno ku Indiana, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2010. Ine ndi bambo a kunyumba tinkachita lendi kanyumba kakale ku Beech Grove, m'mbali mwa mzinda wa Indianapolis, ine ndikugwira ntchito yosamalira okalamba, iwo ali pasukulu, ndipo tinali ndi mwana mmodzi wamkazi amene anali asanayambe n'komwe sukulu. Kanyumbako kankalowa mphepo paliponse, koma pabalaza panali chitofu chachitsulo cha nkhuni chokhala ndi chumuni chotulukira kudenga, ndipo mwini nyumba anatilola kuchigwiritsa ntchito bola nkhuni tizipeza tokha. Ine ndinakondwa, chifukwa m'dziko lino mmene chilichonse chinkandisandutsa mbuli, moto wokha ndiye ndinkaudziwa. Munthu woti ndinakula ndikutola nkhuni m'phiri, ndani akanandiphunzitsa kusonkha moto?

Alamu anga, akulu awo a bambo a kunyumba, amakhala ku South Bend, mzinda wakutali ndi kumene tinkakhala. Ndi aja anabwera kuno kalekale, oti aliyense wofika kumene amayamba wakawaonekera, ndipo akayankhula palibe amene amawonjezerapo. Kumapeto kwa sabata ankagwira maganyu ogwetsa mitengo m'mayadi mwa anthu. Chisanu chitangoyamba anabwera ndi galimoto yodzaza ndi zipika, mtunda wonse uja, n'kuzikhuthulira kuseri kwa nyumba ine ndili kuntchito. Bambo a kunyumba anathokoza mpaka kutsala pang'ono kugona pansi, inenso ndinaimba foni kuthokoza ndi ulemu wonse.

Zipika zambiri zinali zokulungidwa ndi zilambe zonenepa, zaubweyaubweya, zopanda tsamba ndi limodzi lomwe poti inali nyengo yoti mitengo yayoyola masamba. Inu mukudziwa kuti kwathu chilambe sititaya, timamangira mtolo, ndipo chikauma ndicho choyatsira moto chabwino. Ndinazisenda ndi manja angawa, ndinamanga timitolo tooneka bwino, zotsala ndinaziduladula n'kuziika m'beseni. Ndiye poti nkhuni sizigona panja kukamagwa chonyowetsa, ndinazituta n'kuziunjika pabalaza pafupi ndi chitofu kuti ziume. Patapita masiku mikono inayamba kundiyabwa, itatuluka timizere tofiira, koma ndinkati ndi sopo wa kuntchito amene timasamba naye m'manja kosalekeza.

Loweruka lotsatira kunagwa sinowo wambiri ndipo masana ndinati lero tiwothe moto wa nkhuni za alamu. Zilambe zija zinali zisanaume bwino, zinkangofuka osayaka. Ndinachita zomwe mayi aliyense wa kwathu akanachita, kutsegula kachitseko ka chitofu, kugwada, n'kuyamba kuuzira. Mwana wanga ataona anabwera kudzagwada pambali panga, naye n'kumauzira ndi timasaya take, utsi n'kumatibwerera kumaso, ife n'kumatsokomola, kuseka, kuuziranso. Ndinkanyadira kuti mwana wokulira m'dziko la eni akuphunzira za kwawo.

Lamlungu m'mawa ndinapita kukamudzutsa kuti tikonzekere za kutchalitchi, ndipo amene ndinamupeza pabedi sindinamuzindikire. Nkhope inali itatupa, maso atatsekeka, milomo itafufuma, ndipo akamakoka mpweya pankamveka kaphokoso kolira ngati mluzu, pakhosi pakulowa m'kati. Ndinamufunsa kuti chikukupweteka n'chiyani, iye anayesa kundiyankha m'Chingerezi chakecho kuti akulephera kupuma, koma mawu sanathe kutuluka onse. Ndinakuwa kuitana bambo ake.

Tsono tamverani zimene anachita mwamuna wanga, munthu wophunzira. M'malo moimbira ambulansi, anaimbira akulu ake, poti pabanja pawo palibe chimene chimachitika akuluwo asanamve. Anakweza mawu a foni kuti tonse tizimva. Alamu atamva za kutupako anafunsa funso limodzi lokha, ngati tinawotcha zingwe zija zinali pazipika. Nditavomera anati:

"Mlamu, musachite phuma. Mukangoimbira ambulansi abwera ndi apolisi, ayamba kukuinivesitigetani, mwanayo akulandani. Mumwetseni madzi ofunda, ine ndikupemphera konkuno."

Madzi ofunda, mwana woti ngakhale malovu ake akulephera kumeza? Ndinayang'ana bambo a kunyumba, ali chiimire ndi tayi m'manja, akungoti inde achimwene, chabwino achimwene. Ndinayang'ana mwana, milomo itayamba kuda. Ndinawalanda foni ija, ndinadula alamu akadali pakati pa chiganizo, n'kuimbira ambulansi.

Kuchipatala anamuthamangitsira m'kati, kumubaya, kumuveka chopumira, ine ndili pakhomo ndi chitenje chomwe ndinadzuka nacho. Dokotala wina wamkazi anandigwira mkono n'kuuyang'anitsitsa, poti pofika nthawiyo timizere tija tinali titasanduka matuza, ndipo anandifunsa ngati tawotcha kanthu m'nyumba. Nditafotokoza za zilambe zaubweya anagwira pakamwa. Anandiuza kuti chomera chimenecho amachitcha poizoni aivi, chili ngati chitedze cha kuno, kungoti ululu wake uli m'mafuta amene satha ngakhale chitauma, ndipo ukachiwotcha mafutawo amakwera ndi utsi, zimene zimachitika pakhungu n'kukachitika m'kati mwa khosi ndi m'mapapo. Anatinso tikanachedwa pang'ono, njira ya mpweya ikanatsekekeratu. Apolisi sanabwere, ndipo palibe amene anatchulapo zolanda mwana. Inenso anandigoneka chifukwa pachifuwa panali patayamba kundithina, koma za ine sindinkaziganiza, ndinkangomvetsera makina aja akumupumitsira mwana wanga.

Mulungu ndi wamkulu, patapita masiku kutupa kunaphwa, anatsegula maso n'kupempha madzi. Ndi nthawi imeneyo pamene mutu wanga unayamba kugwira ntchito, ndipo funso la alamu lija linandibwerera. Anadziwa bwanji zofunsa za zingwe, ife tisanatchule n'komwe za moto?

Yankho linabwera ndi akazi awo, amene anadzatizonda, mayi wosadziwa kusunga mawu m'kamwa. Pofuna kundipepesa anaulula kuti mwamuna wawo amachidziwa bwino chomeracho, moti tsiku limene anadula mitengo ija anavala magolovesi aatali, ndipo atafika kunyumba zovala zonse anazitaya m'bini, kuwaletsa iwo kuzikhudza. Mwini yadi imene anadulamo mitengoyo anawatuma kuti akataye zipikazo kumalo otayira zinyalala, iwo n'kuona kuti bola akazitule kwa mng'ono wawo kuti atchuke nazo kuti amathandiza abale. Ndiye poletsa ambulansi paja sankateteza ife ayi, ankaopa kuti akafunsidwa kumene nkhunizo zinachokera. Munthu kudziwa chimene chikupha mwana wa mng'ono wako, n'kumati mumwetseni madzi!

Musaganize kuti anapepesa. Akuluakulu a kutchalitchi anatiitanitsa kunyumba ina ku Lawrence kuti akatiyanjanitse, ine n'kumati lero ndimva mawu oti ndinalakwa. Alamu anakhala pampando wabwino, miyendo atapingasa, n'kunena kuti iwo ankangofuna kutihelupa, kuti kuno ngakhale mwana wa sukulu ya mkaka amachidziwa chomeracho, ndipo anamaliza ndi kuti safunsa anadya phula. Ndikanafunsa chiyani, kuti kodi alamu, mphatso mwatipatsayi ndi yakupha? Akuluakulu aja anagwedeza mitu, ati chibale ndi fupa sichiola, ndipo mlandu umene anaupeza pa tsikulo unali umodzi wokha, woti ine ndinadula foni munthu wamkulu akuyankhula, choncho ndigwade ndipepese. Bambo a kunyumba anangoyang'ana pansi. Ndinaimirira n'kuwauza kuti:

"Foni ija ndikanaimvetsera mpaka kumapeto, bwenzi lero mutasonkhana pano kudzandipepesa maliro. Sindigwada."

Mpaka lero kutchalitchiko ndimatchedwa mkazi wamwano, ndipo dzinalo ndinalilandira ndi manja awiri. Alamu timapatsana moni pamaukwati, koma m'nyumba mwanga salowa.

Chimene ndimakhulupirira tsopano n'chakuti chilambe chija chinalibe mlandu, chinangochita chimene chinalengedwera. Choopsa chinali ulemu wathu uja wotipangitsa kuyamba tapempha chilolezo kwa munthu wa ku South Bend mwana akubanika ku Indianapolis. Inu amene mwafika kumene, nkhuni zakuno si za kwathu, mukaona chipika chili ndi chingwe chaubweya musachikhudze, musachilowetse m'nyumba, musachiyandikize pamoto, kaya wakupatsani ndi ndani. Ndipo mwana akamalephera kupuma, imbani ambulansi musanaimbire m'bale aliyense. Mwana wanga pano ndi namwali, koma chifuwa chake sichinabwerere mwakale, ndipo chisanu chikayamba sachoka pakhomo opanda mankhwala opopera kukhosi m'thumba.