Zala Zitatu za Tegan Ackroyd

Inu amene mukuti zanu zada, tamvani za Tegan Ackroyd.

Tsiku limene makina a kufakitale ya nsalu anamudula zala ziwiri zakumanja, chamkombaphala ndi chapakati, Tegan analirira masewero a kiriketi. Anali mwana wamasiye, ndipo chomwe chinkamupatsa dzina kwathu kuno ku Yorkshire chinali kuponya mpira mwaliwiro. Anali atatsala pang'ono kuvala chipewa cha duwa loyera, cha timu yathu, pa masewero a amayi a chaka ndi chaka, pamene timakumana ndi adani athu a duwa lofiira, a ku Lancashire.

Atatuluka m'chipatala anayesa kuponya. Mpira unapulumuka n'kugwera pamapazi pake.

"Uzibwera kudzathandiza kukonza tiyi wa osewera, mwanawe," anatero Gwen, kaputeni wa timu. Chifundo chimenecho chinamuwawa kuposa bala.

Tiyi ankakonzadi, masangweji n'kudula. Koma akaweruka ankapita kuseri kwa nyumba kukagenda bini ya zinyalala ndi mpira. Liwiro linali litapita, ndiye anayamba kuupota mpirawo ndi chala chovala mphete. Mvula ya kuno siipuma, nayenso sanapume. Aneba anadandaula za phokoso la bini mpaka anatopa okha. Panapita zaka kuti mpira uyambe kumumvera: ukagunda pansi, n'kukhotera kumene womenya mpira sakuyembekeza.

Gwen atauona ukukhota choncho, sanafunsenso zambiri. Anamuika mu timu.

Tsiku la masewero zinthu zinafika pothina. A Lancashire anatsala pang'ono kupambana, ife tikufuna kutulutsa womenya mmodzi yekha kuti tipambane. Tsoka lake anali Donna Entwistle, katswiri wawo wapakamwa. Gwen anaponyera Tegan mpira.

"Kodi ku Yorkshire anthu atha?" anakuwa Donna. "Mwatitumizira watiyi? Iwe, ine shuga masipuni awiri!"

"Ukamwera m'chipinda cha otuluka, sisi," anayankha Tegan. "Ukupita konko pompano."

Anaponya. Mpira unabwera mwaulesi, Donna n'kuukonzera thabwa lake lomenyera ndi mphamvu zonse. Utagunda pansi unakhota, kukhudza m'mphepete mwa thabwa, n'kuthera m'manja mwa wowakha kumbuyo. Timu yonse inatembenukira kwa woyimbira ndi mfuu.

Woyimbirayo anakweza chala chamkombaphala, kusonyeza kuti womenya watuluka. Tegan anachiyang'anitsitsa chalacho, chofanana ndi chomwe iye anachisiya m'makina, kenako anakweza dzanja lake la zala zitatu kuti bwalo lonse lione.

Gwen anamuveka chipewa pomwepo. Sindibisa, enafe tinalira ndi kunyada. Ndipo pa tiyi, Donna ndi amene ananyamula kapu kukamupatsa Tegan.

Inunso mwina china chaduka pa moyo wanu, ndipo sichidzameranso. Lirani, n'zololedwa. Mukatha, gwirani mpira ndi zala zimene zatsalazo. Osataya mtima, bwalo likukudikirani.