Anachitira umboni m'tchalitchi ndi kafukufuku wanga

Ndiyambe ndi kuthokoza Mulungu amene wandisunga, amene sanalole kuti mkwiyo undilande pemphero ngakhale unatsala pang'ono kutero. Ndithokozenso inu owerenga pondipatsa khutu. Zimene ndikuuzenizi zinandigwera chifukwa ndinkaganiza kuti munthu amene wanena nane ameni sangandipweteke pa nkhani ya ntchito.

Ndine mayi wachikulire, injiniya wa misewu ndi milatho. Ndinaphunzitsa kuyunivesite zaka zambiri mpaka pamene amuna anga anafa ziwalo mbali imodzi. Ndinasiya ntchito, tinabwerera kwathu kufupi ndi Likhubula, ndipo ndinawadwazika mpaka Ambuye anawatenga. Zaka zimenezo sindidandaula nazo. Koma maliro atatha ndinatsala ndekha m'nyumba, mabuku atachita nkhungu, mutu ukadali wofuna ntchito.

Kuno mvula ikagwa masiku otsatizana, mtima sukhala m'malo. Timamvetsera phiri. Napolo akamatsika sachenjeza. Miyala, matope ndi mitengo zimangofika pakhomo. Ndinayamba kuyenda m'mbali mwa mitsinje yochokera m'phirimo, kuona malo amene nthaka imagumuka, ndipo ganizo linandibwerera: kukwirira timakina totsika mtengo m'malo otsetsereka, toyeza madzi amene nthaka yamwa, kuti ikatsala pang'ono kugumuka titumize uthenga m'mafoni a anthu a m'munsi. Kompyuta yanga inali itafa kalekale ndi chinyezi, choncho zonse ndinajambula ndi kulemba pamanja.

Kenako mnzanga wakale anandiuza za bungwe lina lakunja lothandiza kafukufuku. Thandizo lake linali la aphunzitsi a uinjiniya okhwima pantchito, a magulu awiri: amene anaima kaye ndipo akufuna kuyambiranso, ndi amene akufuna kusiya gawo lawo n'kulowa lina. Nditamva ndinagwada pomwepo. Zinali ngati anazikonza akundiona ine. Chovuta chinali chimodzi: wopempha ankayenera kukhala ndi yunivesite yomulandira, pamene ine ndinali nditachokako kale.

Mumpingo mwathu ku Chitakale tili ndi chizolowezi chimene ndimachikondabe. Pa mapemphero a pakati pa sabata aliyense amaimirira n'kunena chosowa chake poyera, osabisa, kuti abale amuthandize kusenza. Ndinanena changa, n'kufotokozanso ganizo langa lija. Tsikulo panali munthu amene ndingomutchula kuti Festoni, amene ndinamuphunzitsa akuyamba kumene, ndipo tsopano anali mkulu wa gawo la makina kuyunivesite ina. Anakulira mumpingo womwewo. Pa ukwati wake, ine ndi malemu amuna anga ndi amene tinawalangiza.

Titatuluka ananditsatira. "Amayi, mukuvutikiranji mwana wanu alipo? Ndipatseni zimene mwalembazo ndikaonetse akuluakulu, akulandireni kuyunivesite kwathu."

Tinagwirana manja panja pa tchalitchi, iye n'kupemphera mpaka ine kugwetsa misozi. Mawa lake anabwera kunyumba ndipo ndinamupatsa zonse, osasiyako tsamba. Mwana wanga wamkazi nditamuuza pa foni anandifunsa ngati ndinajambulitsa mapepalawo, kapena kudziwitsa bungwelo kuti ganizolo ndi langa. Ndinamudzudzula kuti akuganiza ngati wosapemphera.

Miyezi inadutsa. Ndikamuimbira Festoni ankati akuluakulu akuzengereza. Kenako anati nthawi yopempha yatha, tidzayesa ulendo wina. Zinandiwawa, koma ndinati nthawi ya Mulungu siinakwane.

Lamulungu lina, pa nthawi ya maumboni, Festoni anabwera kutsogolo atavala suti, mkazi wake ali pambali. Anati pamene ankasala kudya, Ambuye anamuuza kuti asiye za makina a m'mafakitale, apulumutse anthu a kwawo kwa napolo. Anati anamuonetsa timakina tokwirira m'nthaka, ndipo tsopano bungwe lakunja lavomera kumuthandiza. Mpingo wonse unaimirira, nthungululu zili pakamwa. Mayi amene ndinakhala naye pa benchi anandigwedeza phewa. "Anzanga, pemphero lanu lija si limeneli? Layankhidwa kudzera mwa mwana wanu. Imiriranitu."

Inu owerenga, sindinaimirire. Ndi pamene ndinazindikira kuti ine ndili chidikirire pa khomo la oyambiranso, iye anali atalowera pa khomo la osintha gawo, atanyamula ntchito yanga. Dzina langa sanalitchule ngakhale kamodzi, koma la Mulungu analitchula mpaka mawu kusasa.

Ndinamudikira panja. Sanachite manyazi. "Amayi, mukanapempha inuyo sakanakupatsani, mwakhalitsa kumudzi. Chachikulu n'choti anthu apulumuke. Ndikupatsani ganyu yoyang'anira timakinato." Ganyu, kwa munthu amene ndinamuphunzitsa kugwira pensulo yojambulira mapulani.

Ndinapita kwa akulu a mpingo. Anandimvetsera, kenako anati abale asamatengerane milandu kwa akunja, ndingokhululuka. Ndinalembera bungwe lija. Anandiyankha mwaulemu kuti ndiwatumizire umboni woti ganizolo linayambira kwa ine. Mapepala anali kwa Festoni. Abale amene anamva pempho langa tsiku lija, ndikawapempha kuti andichitire umboni, ankayang'ana pansi n'kunena kuti sakufuna kugawa mpingo. Ndipo bungwelo silithandiza ntchito imodzi kawiri. Mwayi wanga wobwerera pantchito unathera pomwepo, pakuti msinkhu wanga sundilola kuyambanso kufunafuna ganizo lina kwa zaka.

Ganyuyo ndinaikana. Timakina tija lero tili m'phiri, ndipo kena anakakwirira kumtunda kwa mudzi wathu, pamalo enieni amene ndinalemba chizindikiro pa mapu anga. Apa ndi pamene Mulungu wandiika pa sukulu yowawa. Mvula ikalimba ndimagwada n'kupempherera timakinato kuti tigwire ntchito. Ndimapempherera ntchito ya munthu amene anandibera kuti iyende bwino, chifukwa ikalephera, matope adzafika pakhomo panga ndi pa makomo a abale anga. Kukhululuka sindinamalize, ndisakunamizeni. Ndimayamba m'mawa uliwonse.

Tsono inu amene munaima kaye pantchito, amene munasiya kuti mudwazike kapena kulera, ndipo mukufuna kuyambiranso, mverani. Mulungu muuzeni zonse, pakuti Iye saba. Mumpingo pemphani kuti akupempherereni, koma tsatanetsatane wa ganizo lanu musamuyale pagulu. Bungwe lothandiza lilembereni nokha, m'dzina lanu, lisanamve kwa wina. Musapereke pepala limene simunasungeko linzake. Ndipo mbale akakwiya chifukwa mwati mulemberane pangano, dziwani kuti kukwiyako kwakuuzani kale zimene mumafuna kudziwa. Kusamala si kusowa chikhulupiriro. Mwana wanga anandiuza, ine ndi amene sindinamve.

Ambuye asunge ntchito ya manja anu, ikafike kumene ikupita ili ndi dzina lanu. Akupatseni abale oona, amene ameni wawo sasintha akatuluka pakhomo la tchalitchi. Ndipo inu nonse amene nyumba zanu zili m'munsi mwa phiri, akudzutseni nthawi isanathe. Ameni.