Dzanja la Apongozi Anga

Zaka zonse za ukwati wanga ndinali ndisanawayang'anepo apongozi anga aakazi m'maso. Ngakhale m'kafulati kathu ka ku Edmonton ankatha kundizemba. Ine kulowa kukhitchini, iwo ulendo wa kuchipinda.

Ndiye BP yawo inakana mapilitsi. Kuchipatala anapeza kuti mitsempha yopititsa magazi ku impso ikutsekeka. Anati akapanda kuikamo timachubu tawaya totsegula njira, impsozo zifa. Tsiku lokamva zimenezi mkazi wanga anali kutali, kumene ankasamalira nkhalamba ina yosasiyika yokha. Womasulira ndinali ine.

Dokotala anati kachubuko amakalowetsera m'mphechepeche. Kalanga ine! Mawu amenewo mkamwini awanene bwanji? Ndinayang'ana nsapato zanga.

"Amayi, akuti adzera kumwendo, chakumtunda."

Anamva bwinobwino. Anamangitsa chitenje chawo.

"Auzeni zikomo. Bola kufa."

Ndisaname, mtima unandipsa. Munthu kutaya impso chifukwa cha manyazi! Koma ndinawamveranso chisoni, poti manyaziwo ndinali nawo inenso. Ndinamuuza dokotalayo kuti mayiwa saopa ululu, akuopa kuvulidwa kumeneko, ine mkamwini ndikudziwa. Sanaseke. Anagwira mkono wawo povalira wotchi, n'kusindikiza ndi zala kanthawi.

"Tingathe kudzera apa," anatero.

"Amayi, akuti padzanja pokha."

Anafunsa akuyang'ana kukhoma kuti, "Liti?"

Tsiku loika timachubuto litafika, zonse zinayenda bwino. Anawamanga kalamba kothina pabalapo, ndipo nesi anandiuza ndiwachenjeze kuti dzanjalo asalitsamire. Ndinawauza ndili kuseri kwa katani. Koma nditalowa ndi tiyi, anaona kuti si ulemu kugona chagada pamaso pa mkamwini. Anadzuka mwachangu, atatsamira dzanja lomwelo. Magazi anayamba kuchucha pansi pa kalambako.

Ulemu ndinautaya pomwepo. Ndinambwandira mkonowo, kuukweza m'mwamba, kupsinja pabalapo, uku ndikukuwira nesi. Mkonowo unali wopepuka. Sindinkadziwa kuti amayiwo awonda chonchi.

Nesi anabwera n'kukonza kalambako, magazi analeka. Ndinayamba kubweza manja anga, ndikupepesa.

Amayi anali atatembenukira kukhoma, koma zala zawo zinagwira malaya anga.

"Musachoke, mwana wanga," anatero. "Ndikuopa."