Tsango la Mphesa pa Mfuti ya a Orval

A Orval Tackett anabadwira kumadzulo kwa Oklahoma kuno, kumene mphepo ikakuvula chipewa Lolemba, pofika Lachitatu chimakhala chili pamutu pa munthu wa ku Kansas. Bambo awo anali oboola zitsime, iwonso anatengera ntchito yomweyo, ndipo pa zaka makumi anayi aboola nthaka ya boma lathu lino mpaka yasanduka sefa. Ndi munthu wamtali, wouma ngati mzati wa mpanda, wa makutu aakulu oti akawatulutsa pawindo lole imachepa liwiro. Koma chimene amatchuka nacho n'chakuti chibadwire sanalakwepo. Chitsime chikapanda madzi, yalakwa ndi nthaka. Tsiku lina atagunda ng'ombe ya eni ake, anafotokozera apolisi kwa maola awiri kuti imene imathamanga kwambiri inali ng'ombeyo.

Atakwatira mayi Nadine anapatsidwa ndi basera lomwe: alongo awo a mayiwo, a Hoyt Sizemore, okonza mathirakitala, afupi, obulungira, pakamwa posatseka. Alamu awiriwa anayamba kupikisana pa tsiku la ukwati lomwelo, pa nkhani ya amene angamalize nthiti zambiri zootcha, ndipo mpaka lero sanagwirizane kuti anapambana ndani.

Mpikisano wawo weniweni umachitika Loweruka loyamba la mwezi uliwonse, kubwalo lowomberera la kalabu yathu. Munthu amanyamula mfuti zitatu, yaifupi ya m'chiuno, chifefe ndi yaitali. Wotchi ikalira amathamanga, kuboola makatoni apafupi, kuswa timbale tadothi, kenako n'kugona chafufumimba kulimbana ndi mbale zachitsulo zimene zili mayadi mazana atatu kutali. Akasiya mbale osaigunda amamuwonjezera masekondi. A Orval ndi a Hoyt achita zimenezi zaka makumi awiri ndi ziwiri, m'gulu limodzi, la anthu amene saloledwa kuika galasi lokuza zinthu pamfuti. Pangano lawo n'lakuti wogonja atsuke mfuti zitatu za mnzake, akazitule yekha pakhomo, chipewa chili m'manja.

Zaka zisanu zapitazo a Hoyt anagula kagalasi koyatsa kadontho kofiira, kamene malamulo amalola m'gululo chifukwa sikakuza kanthu. A Orval anawaseka mpaka anatsamwa ndi tiyi. Ankakatchula kuti nyali ya Khirisimasi, ndipo ankafunsa aliyense ngati alamu awo agulanso belu loti lizilira chandamale chikayandikira. Iwo anakakamira tizitsulo tawo takale tolozera chandamale, kabowo kumbuyo ndi kamzati kunsonga kwa mfuti, ndipo ankapambanabe miyezi yambiri.

Atakwanitsa zaka makumi asanu ndi limodzi ndi zitatu, kamzati kaja kanayamba kumera ubweya. Mbale zakutali nazo zinayamba kusungunuka ngati batala padzuwa. A Orval anadzudzula wopenta mbale, kenako mphepo, kenako fakitale ya zipolopolo, ndipo mu Julaye anadzudzula dzuwa kuti latuluka mbali yolakwika. Anagonja miyezi isanu yotsatizana. A Hoyt ankawabweretsera mfuti zoti atsuke zili zakuda bii, zamatope, moti tonse tinkakhulupirira kuti amayamba azigoneka m'khola la nkhumba.

Tsiku lina atatuluka m'tchalitchi, a Hoyt anafunsa mokweza ngati alamu angakonde kuti kalabu iwagulire galu wowatsogolera. Apo a Orval mtima unawaphulika. Analumbira pamaso pa abusa, madikoni ndi amayi onse a kwaya kuti akadzalephera kugwetsa mbale zakutali pa mpikisano waukulu wa mu Okutobala, adzapachika mfuti zonse zitatu, osadzapondanso kubwalo. Mawu olankhulidwa pamaso pa amayi a kwaya sabwezedwa. Pofika masana anali atamveka maboma atatu.

Lolemba lake a Orval ananamizira kukaona chitsime, n'kuyendetsa lole mamailosi makumi anayi kupita kusitolo ya mfuti ya mayi Arlene, kumene sakanakumana ndi wowadziwa. Anagula kagalasi ka kadontho kofiira konga ka alamu awo, nauza mayiwo kuti n'ka mnzawo wina wodwaladwala. Atafika kunyumba anadzitsekera m'shedi, kukamangirira pamfuti, kukayatsa, n'kusuzumira. Kadontho kanalibemo. Munali tsango la mphesa zofiira, zisanu ndi ziwiri kapena zisanu ndi zitatu, lokhala ndi mchira wopendekera kumanzere.

M'mawa mwake anali atabwerera kusitolo, akuti awagulitsa chinthu chosweka. Mayi Arlene anasuzumira, nanena kuti iwo akuona kadontho kamodzi, komabe anawasinthira. Kachiwiri kanali ndi mphesa. Kachitatu, kodula kwambiri, kanali ndi mphesa zonenepa. Atabweza kachinayi, a Orval anali atatsimikiza kuti mafakitale onse a dziko lapansi anachita msonkhano wa chinsinsi n'kugwirizana zowabera iwo paokha.

Mayi Arlene ndi munthu amene wagulitsa mfuti kwa amuna ouma mitu kwa zaka makumi atatu, choncho satsutsana nawo. Anangotulutsa galasi lina lalitali, lolemera, lokhala ndi kachitsulo kopotokola pambali, nawatengera pakhomo kuti ayang'ane kumsewu. A Orval anapotokola. Dziko lonse linawalumphira kumaso. Anaona ntchentche itatera pa chikwangwani cha sitolo ya zakudya za ng'ombe kutsidya kwa tawuni, anaona kuti ndi yaikazi, ndiponso kuti ikutsimphina mwendo wakumbuyo. Anaima pamenepo kukamwa kuli yasa, ngati munthu amene wakumana ndi chibwenzi chake chakale.

"Limenelo, bambo Tackett, mbale zanuzo muzichita kuzisankha pozimenya," anatero mayi Arlene. "Koma mukudziwa lamulo. Mukangoliika pamfuti, mwachoka m'gulu lanu, mwalowa la anyamata."

A Orval anafunsa ngati sizingatheke kuliika koma osalipotokola. Mayiwo anati oyang'anira mpikisano amayang'ana zimene galasi lingathe kuchita, osati zimene mwini wake walonjeza. Gulu la magalasi okuza ladzaza anyamata a malaya owala, othamanga ngati aba nkhuku, amene amatchula a Orval kuti agogo. Kumeneko mbale akanazigwetsa ndithu, lumbiro lawo likanakwaniritsidwa, koma dzina lawo silikanakhalanso pa pepala limodzi ndi la a Hoyt. Ndiye kupambana kwake kukanakhala kupambana ndani? Analigwira galasilo nthawi yaitali, kulisisita, n'kulibweza pa kauntala. Anapita kwawo ndi kadontho kofiira kachisanu.

Mayi Nadine anawapeza m'shedi Loweruka masana akutukwana mfuti. Popeza anali atagwidwa kale, a Orval anaulula zonse za chiwembu cha mafakitale, n'kuwapatsa mfuti yopanda chipolopolo kuti adzionere okha umbava wake. Mayiwo anapukuta manja pa epuloni, n'kusuzumira.

"Bambo, kadonthotu n'kamodzi. Kobulungira ngati nsawawa."

"Inu n'kale munali mbali ya alongo anu."

Mayi Nadine anatulutsa foni m'thumba, kuiika kuseri kwa kagalasi, kujambula, n'kukulitsa chithunzicho mpaka chinadzaza foni yonse. Kadontho kanali kamodzi, kosalala m'mbali monse. A Orval anayang'ana chithunzi, nayang'ana m'galasi, nayang'ananso chithunzi. Anatuluka n'kukakhala m'lole osailiza kwa ola lathunthu, manja ali pa chiwongolero. Atabwerera m'nyumba anapeza mlamba wokazinga ndi therere zili patebulo, ndipo atadya theka analengeza kuti wolakwa wapezeka. Silinali galasi, komanso sanali iwo. Linali diso lakumanja, limene kuyambira kale ankalikayikira.

Mayi Arlene atamva nkhaniyi sanaseke pamaso pawo, anakasekera m'chipinda chosungira katundu. Potuluka anabwera ndi kagalasi ka mtundu wachitatu, kakafupi, konenepa ngati chitini cha phwetekere. Kameneka sikakuza kanthu, choncho n'kololedwa m'gulu lawo. Chizindikiro chake si kuwala kwa nyali kumene diso lopotoka limakumwaza, koma kamphete kakuda ndi kadontho pakati, zolembedwa pa galasi lenilenilo. Kumbuyo kuli mkombero woti munthu apotokole mpaka chizindikirocho chigwirizane ndi diso lake. A Orval anapotokola pang'onopang'ono, ndipo kamphete kanaima chilili, kakuthwa ngati kolembedwa ndi singano.

Anafunsa ngati mbale zakutali zikula. Mayiwo anati ayi, zikhalabe ngati mabatani a malaya, zotuwa, koma tsopano chosaoneka bwino chikhala chimodzi m'malo mwa ziwiri. A Orval anayang'ana komaliza galasi lalitali lija pa shelefu, anapumira m'mwamba, nagula kachitini. Milungu itatu yotsatira anaithera kudambo kuseri kwa nyumba, kuwombera chivundikiro cha mgolo, mpaka ng'ombe za aneba zinazolowera n'kumabwera kudzaonerera.

Pa tsiku la mpikisano amayi a kwaya anabwera anayi, ndi mipando yawo yopinda. A Hoyt ataona chimene chili pamfuti ya alamu awo anavula chipewa, nagwira pamtima, nafunsa ngati nyemba za m'chitinicho adya kale kapena azitsegula masana. Kenako iwo anawombera bwino ndithu, mbale zonse zinayi zakutali anazigwetsa ndi zipolopolo zisanu ndi zinayi, ndipo pobwerera ankayenda ngati tambala.

Wotchi italirira a Orval, anathamanga monga amathamangira, mawondo akulira ngati chitseko cha nkhokwe. Yaifupi inawayendera. Ndi chifefe anaphonya kambale kamodzi, n'kutaya nthawi kufunafuna chipolopolo m'thumba lolakwika. Atafika pa mfuti yaitali anagona pansi mwa zigawozigawo, kuyamba mawondo, kenako zigongono, mimba pomaliza. Anaika kadontho kakuda pamwamba pang'ono pa batani loyamba lotuwa, napuma, nakoka. Kutali kunamveka kuti nge! Lachiwiri linalira. Lachitatu analiphonya kawiri, anthu tinamva akulankhula nalo mawu amene amayi a kwaya ananamizira kuti sanawamve, kenako linalira. Lachinayi linalira ndi chipolopolo choyamba. Anafunika anthu awiri kuti awadzutse pansi.

Zotsatira zitapachikidwa, m'gulu la anthu khumi ndi asanu ndi anayi, a Orval anali pa nambala 16 ndipo a Hoyt pa 17, kusiyana masekondi anayi. A Orval anaima pa pepalalo ngati alandira dziko lonse la Texas.

A Hoyt anati chitinicho chiyenera kuti chili ndi chinyengo, ndipo anafuna kuchiona. Anapita patebulo logwirirapo mfuti zopanda zipolopolo, a Orval nawapotokolera mkombero mpaka alamuwo anati basi. A Hoyt anasuzumira nthawi yaitali, pakamwa patatsekeka koyamba chichokereni m'mimba mwa mayi awo.

"Alamu, nanga timadontho tinato tili kuti?"

"Titi?"

"Tinzake. Kanga kamayatsa tisanu ndi tiwiri."

Zinadziwika pamenepo kuti kwa zaka zisanu zonsezi a Hoyt akhala akuona tsango lawolawo la mphesa, koma iwo ankayesa kuti ndi mmene amapangira magalasiwo, kuti munthu azisankha yekha. Anasankha mphesa ya pamwamba chakumanzere, anaiyesa pa chandamale mpaka inagwirizana ndi mfuti, ndipo akhala akuwombera ndi imeneyo osauza munthu. Kukachita mitambo, akuti, amagwiritsa ntchito yapansi pake. A Orval anaseka mpaka anakhala pansi m'fumbi, ndipo anafunikanso anthu awiri aja.

Mayi Nadine, amene anamva zonse ali potero, anaimba foni pomwepo kwa dokotala wa maso, n'kuwalembetsa onse awiri Lachiwiri m'mawa. Asanachoke kubwalo, a Orval analembetsa dzina lawo pa mndandanda wa mu Novembala, ndi zilembo zazikulu zoti munthu angaziwerenge ali ku Arkansas.

Kwa dokotala anayamba kulowa a Hoyt. A Orval anakhala pabenchi pafupi ndi chitseko, khutu litamatirira pa thabwa, akuloweza zilembo zimene alamu awo ankawerenga pakhoma pamodzi ndi zimene dokotala ankawakonza. Nthawi yawo itakwana anakhala pampando, naphimba diso limodzi, nalakatula mizere yonse mpaka wapansi penipeni dokotala asanayatse n'komwe chikwangwani. Dokotalayo, mtsikana waulemu wake, anayang'ana mayi Nadine. Mayiwo anamuuza kuti asinthe zilembo, ndipo akamaliza awalembere onse awiri magalasi a mtundu umodzi ndi a mtengo umodzi, kuti pasapezeke wonena kuti ake ndi oposa a mnzake.